Mapu amene ndinadula matewera

Kuseri kwa ofesi ya esiteti imene ndinkagwirako ntchito, kuno ku Thyolo, kunali kachipinda kopanda zenera kamene tonse tinkangoti kumapepala. Kiyi wake ankasunga ndi amesenjala, bambo wachikulire amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe. Ine ndinali kalaliki wotayipa makalata, ndipo ndisabise, ndinkadzimva. Mayi anga anathyola tiyi mpaka msana unapindika kuti ine ndifike Fomu Folo, ndiye ndikakhala pampando paja, zala zili gwagwagwa pamakina, ndinkaona ngati esiteti yonse ikundisirira. Kumapepalako ndinkalowako mwina kamodzi pachaka, nditagwira mphuno.

M'kachipindamo munali zinthu. Munali mabuku aatali olembamo mvula ya tsiku ndi tsiku kuyambira kalekale. Munali mabuku a mayina a anthu amene ankabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki kudzafuna ntchito, Alomwe anzathu, mayina awo atalembedwa mokhotakhota monga momwe mzungu anawamvera. Munali zithunzi za fakitale ikumangidwa, za msewu wa ku Limbe ukadali wamatope, za anthu atandanda ndi madengu kumsana, maso ali tong'o. Pakona panali mapu okulungidwa, ataimikidwa mumgolo wakale. Munthu wofuna kudziwa mmene dera lino linakhalira chonchi akanalowamo n'kutuluka atakhuta. Ife tinkaonamo chiswe ndi mphemvu.

Patatha zaka zinayi chichitikire chisankho cha matipate, kunabwera abwana atsopano, Mmalawi mnzathu wochokera chigawo chapakati. Anali ophunzira, oyenda mothamanga, ndipo sanali oipa mtima, kungoti chilichonse ankachifuna papepala. Iwowa ndiwo anabweretsa kompyuta yoyamba, ndipo kompyutayo inafuna chipinda chakechake. Anatsegulitsa kumapepala, anasuzumira, anayetsemula kawiri. Mabuku a mvula anati asungidwe chifukwa ali ndi ntchito. Zotsala zonse anati zikwezedwe pangolo ya thirakitala, zikaponyedwe m'ng'anjo ya kufakitale, mmene amasonkhamo nkhuni zoumitsira tiyi.

Nthawi imeneyo ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mwana woyamba. Ndinaima pakhomo ndikuyang'anira anthu akunyamula, amesenjala n'kundikodola.

"Akalaliki, tabwerani mudzagwire apa," anatero, atatambasula pang'ono mapu amodzi. "Mukuganiza kuti ndi pepala? Iyi ndi nsalu. Azungu akale ankajambula pansalu yothira sitachi kuti isang'ambike. Mukainyika m'madzi, n'kuiwiritsa, sitachi imachoka pamodzi ndi inki. Imatsala yofewa kuposa ya m'sitolo. Ana anga onse anakulira matewera amenewa, palibe anatuluka zilonda."

Ndinaigwira. Inali yosalala, yobiriwira pang'ono, yolimba ngati kolala ya malaya. Ndinaganiza za mwana amene ankandipondaponda m'mimba, ndinaganizanso za ng'anjo. Chinthu chopita kumoto ukachitola si kuba, ndinadziuza choncho. Amesenjala anandisankhira mapu awiri aakulu osadyedwa ndi chiswe, ine n'kuwakulunga m'chitenje.

Mayi anga anali atabwera kuchokera kumudzi, kufupi ndi Goliati, kudzakhala nane podikira mwana. Loweruka tinatulutsa beseni. Ndikuponya mapu aja m'madzi, iwo anagwira ngodya imodzi n'kuyang'anitsitsa. Mayi sanapiteko kusukulu, koma chilichonse cholembedwa ankachipatsa ulemu, ngakhale pepala lokulungira usipa ankayamba aliwongola asanalitaye.

"Iwe, zalembedwapozi akuti chiyani?"

"Zakale, amayi. Zopanda ntchito."

Sindinayang'ane n'komwe. Ndinali ndi njala, miyendo itatupa, ndipo ndinkafuna ntchitoyo ithe. Tinanyika, tinawiritsa, madzi anada bii, nsalu n'kutuluka yoyera, yofewa monga ananenera amesenjala. Ndinatenga sizasi, mapu aliwonse ndinawadula panayi. Mayi anakhala pakhonde masiku atatu akupinda m'mphepete ndi singano, matewera asanu ndi atatu. Mwana anabadwa m'nyengo yozizira, wamkazi, ndipo matewera aja anagwira ntchito mpaka akazi a makalaliki anzanga ankafunsa kumene ndinawagula.

Ndinabwerera kuntchito mwezi wa Ogasiti. Lachiwiri lina mu Seputembala abwana anandipatsa kalata yoti nditayipe. Inali yopita kwa mwini wa chimakina chozula mitengo, kumuuza kuti abwere Lolemba kudzalambula kankhalango ka kumtunda kwa munda wa Nambala Thwelofu, kuti mvula ikamagwa adzabzalepo tiyi watsopano. Ndinatayipa mpaka pakati, zala n'kungoima zokha.

Kumtunda kwa Nambala Thwelofu ndi kumene kunali malayini akale, nyumba za anthu othyola tiyi, kumene ine ndinabadwira. Malayiniwo anagumulidwa ndili wamng'ono, anthu n'kusamutsidwira kufupi ndi fakitale. Koma manda awo anatsala komweko, m'kankhalango kaja. Munalibe ziliza, munalibe mitanda yachitsulo, anthu osauka ankangounjika dothi n'kubzala nkhadze. Bambo anga anagona m'menemo ndili ndi zaka zisanu. Mayi ankapitako chaka chilichonse ndi khasu, kukapalira patsinde pa msuku wina waukulu, ndipo ankanena poyera kuti tsiku lawo likadzafika adzawaike pomwepo.

Kalata ndinaimaliza, nanga ndikanatani. Koma nkhani ya muofesi sigona muofesi. Kutacha Lachitatu, panja panali nkhalamba ngati khumi ndi ziwiri, amuna atavula zipewa, akazi atakhala pansi paudzu. Mayi anga anali pomwepo, mwana wanga ali kumsana. Abwana anatuluka n'kuwamvetsera bwinobwino, kenaka anayankha modekha, ndipo kudekha kwawoko ndi kumene kunandiopsa.

"Makolo anga, ine manda ndimawalemekeza. Koma chiyambire matipatewa, aliyense wofuna malo a esiteti akumati pali manda a agogo ake. Mwezi watha ena anabzala nkhadze dzulodzulo n'kumati ndi manda. Ine ndinakayendako kumtundako, ndaona tchire basi. Ku hedi ofesi sangamve zapakamwa. Ndipatseni pepala. Likapezeka pofika Lachisanu, ndiimitsa makinawo."

Nkhalamba zinayang'anana. Pepala akalitenga kuti anthu amene ankasayina ndi chala? Pamenepo amesenjala, amene anali chiimire pakhomo ndi thireyi ya makapu, anatsokomola.

"Mapu analipo, bwana. Ansalu. Anali ndi timitanda pamalo pa mandapo."

"Ali kuti?"

"Munati tiwotche, bwana."

Abwana anayang'ana nsapato zawo, kenaka anangoti mawu awo sasintha, Lachisanu ndi Lachisanu, n'kulowa. Ine ndinali pazenera, ndikumva zonse. Amesenjala podutsa patebulo langa anaikapo kapu ya tiyi imene sindinaitanitse, n'kunong'ona osandiyang'ana.

"Aja ndinakusankhirani aja, amodzi anali a Thwelofu. Nambala ndinaiona, kungoti mutu wanga unali pansalu."

Sindikudziwa mmene ndinafikira nthawi ya nkhomaliro. Wezulo wa kufakitale atangolira ndinathamanga, nsapato zili m'manja, kudula m'mizere ya tiyi ngati wothawa njuchi. Matewera anali pachingwe kuseri kwa nyumba. Ndinayamba kuwakweza padzuwa limodzilimodzi. Amesenjala sananame kuti inki imachoka, koma sikuti imachokeratu. Ukayang'ana kudzuwa, pamene cholembera chinakanikiza pankaoneka timizere totuwa, ngati mitsempha ya padzanja. Atatu anali a mapaipi a madzi a kufakitale. Atatu enawo anali a Thwelofu: apa kamtsinje, apa msewu wokhota, apa nambala yeniyeniyo. Pathewera lachitatu, m'mphepete mwenimweni, ndinaona timitanda. Ndinasomola ulusi wa mayi ndi mano, ndinawongola popindapo, timitanda tina n'kutulukira. Kenaka nsalu inathera pomwepo, pamene panadutsa sizasi yanga. Manda ndinawadula pakati.

Ndinawerenganso matewera. Asanu ndi limodzi pachingwe, limodzi lili pamwana. Asanu ndi awiri. Ndinamuvula mwana uja akulira, nalonso linali la mapaipi. Ndinafufuza mudengu, pansi pabedi, m'chikwama. Ndiye ndinakumbukira. Masabata atatu m'mbuyomo, pochokera kusikelo ya ana, mwana anatsegula m'mimba panjira, zoopsa. Panalibe madzi, ndipo ine ndi ukalaliki wanga sindinafune kuyenda ndi fungo m'chikwama. Ndinapempha chimbudzi pakhomo pena, thewera lija n'kuliponya m'dzenje. Tsoka silinunkha, amatero, koma langali linanunkha, ine n'kulitaya ndi manja anga.

Mayi anali ataima pakhomo la khitchini akundiyang'ana. Ndinawauza zonse, mawu akutuluka moduladula. Sanakalipe. Anatenga thewera lija, analikweza padzuwa monga anaonera ine, anayendetsa chala patimitanda.

"Bambo ako ndi kati apa?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Pita nalo kwa abwana."

Kunena n'kosavuta. Pa esiteti, katundu wa kampani ndi wa kampani ngakhale akhale wopita kumoto. Chaka chomwecho mlonda wina anachotsedwa ntchito chifukwa cha nkhuni za bulugamu zimene zinagwa zokha pangolo. Ntchito ikatha, nyumba imatha tsiku lomwelo. Lachinayi ndinapita nawo matewera atatu aja kuntchito, m'chikwama, n'kubwera nawo osatsegula. Kawiri konse ndinafika pachitseko cha abwana, kawiri konse ndinafunsa za zina. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinali ndi manyazi oposa mantha. Madzulo mayi sanandifunse kanthu. Anangotenga matewerawo, anawachapanso, anawasita ndi simbi yamakala, n'kuwaika pamwamba pa chikwama changa.

Lachisanu m'mawa ndinagogoda. Abwana anali pafoni, anandilozera mpando. Sindinakhale. Atatsitsa foni ndinayala matewera aja patebulo pawo, pamwamba pa mafayilo. Ngakhale anali ochapa, mawanga achikasu ankaoneka, ndipo aliyense amene analerapo mwana akanadziwa kuti ndi chiyani.

"Mayi, ichi n'chiyani? Ndi nthabwala?"

"Ndi mapu a Nambala Thwelofu, bwana. Ndinawatenga ine tsiku lowotcha lija. Ndinapanga matewera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anagwira thewera limodzi ndi zala ziwiri, ngati likadali lonyowa, n'kupita nalo pazenera. Analikweza padzuwa. Anatenga lachiwiri, anatenga lachitatu.

"Mbali yachinayi ili kuti?"

Ndinawauza kumene ili. Anatseka maso. Ndinkadikira kuti anene za ntchito yanga, koma za ntchito sananene tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse, mwina chifukwa ankadziwa amene analamula ng'anjo. Anangoti mawa m'mawa tikumane kumtunda, ndiuze nkhalamba zija, ndipo ndibweretse mapini.

Loweruka linacha ndi nkhungu yopyapyala, tiyi ali mbee ndi mame. Tinalumikiza matewera atatu ndi mapini pamwamba pa boneti ya galimoto la abwana, ngodya imodzi ili pululu. Abwana anali ndi tepi yoyezera ndi zikhomo zopaka laimu. Anayambira pamene msewu umakhota, pamene pankaoneka bwino pansalu, n'kumayeza kulowera m'nkhalango, amesenjala atagwira nsonga ya tepi. Ndipo zinkagwirizana. Pamene nsalu inaonetsa timitanda toyamba, tinapeza nkhadze zakale, makungwa ali okhakhala, ndi timitumbira tophwa pansi pa masamba. Abwana anavula chipewa. Agogo ena anayamba kulira chapansipansi, atapeza pa mwana wawo.

Ine maso anga anali pa msuku uja. Unkaoneka patsogolo, pamwamba pa mitengo ina, ndipo tepi inkasendera komweko. Ndinkawerenga zikhomo mumtima, kupempha Mulungu kuti nsalu italike. Tinakhoma chachisanu, chachisanu ndi chimodzi. Abwana anabwerera kugalimoto, anayang'ana, anabweranso.

"Mapu athera apa," anatero.

Msuku unali ukadali kutsogolo, mtunda woti munthu ungaponye mwala osavutika. Mayi anayenda okha mpaka patsinde pake, anagwira thunthu.

"Bwana, amuna anga ali apa. Ndinawaika ndekha. Chaka chilichonse ndimapalira, taonani udzu wake ndi wina."

Abwana anapita kukaona. Kunena zoona, pansipo panali pongoyera pang'ono, nkhadze imene mayi anabzala inauma kalekale. Ali chiyang'anire, nkhalamba zina zinayamba kuloza. Uyu ankati mkazi wake ali kuseri kwa mwala uko, uyo ankati mchimwene wake ali kumbawa wa kumtunda kwenikweni, wina ankaloza kutsidya kwa kamtsinje. Onse ankanena zoona, ndikudziwa, koma ndinaona nkhope ya abwana ikuuma pamene zala zinkachuluka.

"Mukuona? Ndikavomera mtengo umodzi, ndavomera phiri lonse, ndipo Lolemba abwera wina kudzakhala pampando wanga amene sadzasiya ngakhale apa. Ndiwonjezera mapazi khumi kuchokera pamene nsalu yathera. Amenewo ndi anga, ndikadziyankhira ndekha. Kupitirira apo sindingathe."

Anayamba kuyenda akuwerenga mokweza m'Chingerezi. Abwana anali aatali, ndipo ndikukhulupirira kuti ankatambalalitsa miyendo dala. Ine ndinkayenda pambuyo pawo. Atafika pa teni anaima, amesenjala n'kukhoma chikhomo. Kuchokera pachikhomocho kufika pamsuku ndinawerenga ndekha pambuyo pake, ndi miyendo yanga yaifupiyi. Anatsala mapazi khumi ndi anayi.

Mayi anagwada. Chichewa chinawathera, anayamba kupempha m'Chilomwe, chimene abwana sankamva. Abwana anandiyang'ana kuti ndimasulire, ine n'kuyang'ana kumbali. Anangoti pepani amayi, pepani kwambiri, anavala chipewa, n'kupita kugalimoto. Matewera anawatenga kuti akaonetse ku hedi ofesi, ndipo patapita sabata anandibwezera mu envulopu ya kampani.

Lolemba ndinapita kuntchito, nanga ndikanapita kuti. Chimakina chinayamba cha m'ma eyiti. Kuchokera kuofesi sikuoneka kumtundako, koma phokoso limamveka bwinobwino: kulira kwa injini, kenaka kuthetheka, kenaka mtengo kugwa kuti khuu. Ndinkatayipa kalata ya feteleza. Mtengo uliwonse ukagwa ndinkalakwitsa chilembo, mpaka ndinang'amba mapepala anayi. Amesenjala tsiku limenelo sanabweretse tiyi kwa aliyense. Anakhala pabenchi panja, chipewa chili pamaondo.

Mandawo, theka lake, alipo mpaka lero. Ndi kachilumba ka mitengo pakati pa tiyi, ndipo mbali imodzi ndi kowongoka ngati analemba ndi rula. Anthu obwera kumene amadabwa kuti manda akale angawongoke bwanji chonchi. Ine ndimadziwa kuti ndi mzere wa sizasi yanga, kuphatikiza mapazi khumi a abwana. Bambo anga ali kunja kwake, pansi pa tiyi amene tsopano amafika m'chiuno, ndipo atsikana othyola amadutsapo ndi madengu awo akucheza za kwawo.

Patapita zaka kunabwera anthu awiri ochokera ku Zomba, osonkhanitsa mabuku ndi mapepala akale a m'maesiteti kuti akasungidwe. Anafunsa ngati tili ndi mabuku a mayina, zithunzi, mapu. Ndinawapatsa mipando, ndinawaonetsa mabuku a mvula. Zinazo ndinati zinapsa, ndipo analemba choncho m'kabuku kawo. Matewera aja sindinawatchule, chifukwa sanalinso anga. Mayi anawatenga tsiku lomwe anabwera mu envulopu, anawapinda, n'kuwaika pansi pa sutikesi yawo pamodzi ndi nsalu imene ankasungira maliro awo.

Koma ndathamangira patsogolo. Madzulo a Lolemba lija, dzuwa lisanalowe, ndinawapeza mayi pakhonde akumwetsa mwana phala ndi kasupuni. Mapazi awo anali ofiira ndi dothi la kumtunda, ndinadziwa kuti anakaonerera. Ndinakhala pansi pafupi nawo. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane m'Chilomwe monga ankachitira ndili mwana, kuti mwina chinthu chimene chinali pachifuwa changa chisungunuke. Ndinayamba kunena kuti madzi akatayika saoleka, mawu opusa amene munthu amanena akasowa chonena, koma sindinamalize.

Mayi anapukuta pakamwa pa mwana ndi chala. Sanakweze mawu.

"Ine ndinapinda nawo m'mphepete, sindikukana. Masiku atatu ndinali nayo nsalu ija pamiyendo. Koma ine sindidziwa kuwerenga, mwanangu. N'chifukwa chake ndinakufunsa."

Anatunganso phala pasupuni, anauzira kuti lizizire.

"Zaka zonse zija ndinkathyola tiyi, ndinkati m'nyumba muno mukhale mmodzi wotiwerengera."